Firiji Yoluma Akuba Okha

Dzulo tinachita sadaka ya achimwene anga Che Amidu, ndipo mpunga wake mpaka pano wandikhala pakhosi. Atamaliza duwa, shehe anayamba kuyamika malemuwo. Akuti anali munthu wobweretsa kuwala, akuti nyumba zambiri kumbali yathu ino ya tauni ya Mangochi zinayatsa babu koyamba chifukwa cha manja awo. Azibambo pakhonde ankavomera ndi mitu, milomo ili noninoni ndi mafuta a mbuzi. Ine ndinakhala kwa azimayi, pafupi ndi chitseko cha kuseri, ndipo pamenepo ndinkamuona Asiyatu, mwana wawo woyamba, akukokota mphika ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'nsalu. Ndinalavulira pambali. Mayi wina anandifunsa ngati ndaluma mwala mumpungamo, ndinati eya.

Shehe ndilibe naye mlandu, ndi mwana, wabwera kuno dzana dzanali. Koma amene ankagwedeza mitu aja ena mwa iwo akudziwa bwino lomwe chimene chinapinda zala za Asiyatu, ndi dzina limene anapatsidwa pambuyo pake. Amati wakufa sanenedwa. Chabwino, nanga wamoyo amene wakalamba akutchedwa wakuba, iye anenedwe mpaka liti?

Ndi achimwene anga enieni, bere limodzi. Mayi athu atamwalira ku Nkope ndi iwo anandinyamula pa njinga kubwera nane kutauni, anandilowetsa sukulu anzanga akukwatiwa. Pa Ramadhani ankagawa madzi ozizira ulere kwa aliyense wodutsa nthawi yomasula. Mkazi wamasiye sankachoka pagolosale pawo chimanjamanja. Zonsezi n'zoona, ndipo zimangowonjezera nseru yanga, chifukwa munthu wopanda mtima ndikanangomuiwala.

Za magetsi anazitola m'sitima ya panyanja. Ali mnyamata ankatsuka mbale m'menemo, ndipo nthawi zina mmisiri wa magetsi ankawaitana kuti amugwirire tochi. Sukulu yawo yonse inali imeneyo. Atatsika anabwera ndi chitsulo chopanira mawaya, chadzimbiri, ndi mawu amene anakhala nawo mpaka kumanda, akuti magetsi amawadziwa. Ankati magetsi ndi galu, ndipo galu saluma mwini wake. Pofuna kuona ngati waya uli ndi moto ankanyambita chala n'kuukhudza. Ukawagwedeza ankadumpha, kuseka, n'kuuza anthu kuti wangowapatsa moni. Ana anawatcha Che Amandidziwa, ndipo iwo dzinalo ankalikonda kuposa lawo lomwe.

Magetsi atafika kumbali kwathu, nyumba yawo inali mwa zoyamba. Chipinda chakumaso chinali golosale, banja linkagona kumbuyo kwake. A magetsi anaika zawo mwadongosolo n'kupita. Fumbi la galimoto yawo lisanakhazikike achimwene anali atayamba kale kukonza zimene sizinawonongeke.

Mdani wawo woyamba anali fyuzi, kawaya kakang'ono kaja kamene kamaduka kokha zinthu zikavuta kuti nyumba isapse. Ankati ndi kamantha, kamakomoka ndi chilichonse. Kataduka kangapo anakachotsa n'kumangapo sipoko ya njinga, ndipo anayenda sabata yonse akudzitama kuti kwawo magetsi sathimanso. Pulagi ankati ndi kudzionetsa kwa azungu. Ankasenda nsonga za waya ndi mano, kuzilowetsa m'mabowo a soketi, n'kuthinitsa ndi timitengo ta machesi. Polumikiza ankakulunga ndi mphira ya chubu chakutha, ikasowa ankang'amba pepala la pulasitiki. Denga likadontha mvula ankangoika beseni pansi pa wayayo.

Koma chimene ankadana nacho kwambiri ndi waya wachitatu uja amakhala mkati mwa chingwe cha firiji kapena ketulo. Ankautcha waulesi. Ankati awiri amagwira ntchito, wachitatu amangodya nawo ngati mkamwini woipa. Ankaudula n'kumamangira katundu pa njinga. Pambuyo pake ndinamva kuti ntchito ya waya umenewo ndi kutenga moto wosochera n'kuutsitsira pansi kuti usadutse mwa munthu. Ndinawauza. Anandifunsa kuti ndinakwerapo sitima iti.

Akanati azingochita izi m'nyumba mwawo mokha. Anayamba kugawira oyandikana nawo, mawaya akudutsa pabwalo pa nsungwi zopendekeka, azimayi akuyanika zovala pansi pake. Kuwala kumene ankanena shehe ndi kumeneko. Tsiku lina nsungwi inagwa, mbuzi ya amayi a Yohane, Mkhristu wa kuseri kwawo, inatafuna waya n'kuuma pomwepo. Mayiwo anabwera akulira, ataikoka mwendo.

"Che Amidu, taonani zimene mwandichita. Akanakhala mdzukulu wanga bwanji?"

"Mdzukulu wanu amadya waya? Tengani mukadye mbuziyo, amayi. Inu zofa zokha kwanu si haramu."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuseka kumeneko ndiko kunawawononga achimwene, chifukwa anazindikira kuti mlandu uliwonse umatha bola anthu aseke. Mayi a Yohane sanawapatsenso moni mpaka anasamuka.

Firiji anaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa mmwenye wina amene ankachoka. Inali yaikulu, yoyera, chogwirira chake chachitsulo chonyezimira. Waulesi anamudula tsiku lomwelo. Patapita miyezi makoswe anachita zawo kumbuyo kwake, ndipo firijiyo inayamba kuluma. Ukaikhudza ndi dzanja louma inkangokunyerenyetsa, koma ndi lonyowa inkakumenya mpaka m'chigongono. Ine inandimenya tsiku lina m'golosale muli anthu.

"Achimwene, firiji iyi ikuluma."

"Yaluma ndani?"

"Ine."

"Ndiye umafuna kutengamo chiyani? Imeneyi imaluma akuba okha."

Nthabwala ija inabadwira pamenepo, ndipo anailera ngati mwana. Ankaiuza aliyense wogula, ankaopsezera nayo ana, ndipo ankasangalala kuti mabotolo a zakumwa asiya kusowa. Alamu anga Abiti Jafali, mayi ake a Asiyatu, anawadandaulira mpaka kutopa, kenako anangomanga kansanza pa chogwiriracho n'kuuza ana kuti asamatsegule opanda patapata kuphazi. Ndinawauza achimwene kuti aitane a magetsi. Anakana, chifukwa a magetsi akanaona nsungwi zija. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma iye bola anagona panja yekha.

Tsono nkhani ya chithunzi. Nthawi ya chipani chimodzi malo onse amalonda ankayenera kupachika chithunzi cha Mtsogoleri, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya wotchi, kaya kalendala. A magetsi anali ataika bokosi la swichi yaikulu, yothimitsira nyumba yonse, pamwamba pa khoma pafupi ndi denga kuti ana asamafikire. Chithunzi chinali m'munsi mwake. Tcheyamani wa nthambi yathu analowa tsiku lina, anamwa chozizira chaulere, n'kukweza maso.

"Che Amidu, kabokosi ako n'kandani?"

"Ka magetsi, a Tcheya."

"Ndiye kakhale pamutu pa Mtsogoleri? Kapena pali chimene mukutiuza?"

Achimwene anatuluka thukuta mpaka kofiya inanyowa. Mawa lake anabwera ndi chithunzi china chachikulu, anachikhomera pa matabwa, n'kuchivindikira pa bokosi lija ndi misomali m'makona. Bokosi linabisika lonse. Tcheyamani anawayamika pamsonkhano, iwo anabwerako akuyenda ngati tambala. Ndinawafunsa kuti nanga moto utabuka adzathimitsa bwanji. Anandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti nditsitse mawu ngati sindikufuna tonse tikagone kuja anthu sabwerako. Kenako anati swichiyo ilibe ntchito, popeza sipoko yawo siduka.

Kuchotsedwa kwa chithunzi chimenecho ndinakuona ndi maso anga, patapita zaka zambiri, m'mawa umene wayilesi inalengeza kuti chipani chimodzi chatha. Achimwene anakwera pampando, anagwira m'mbali n'kukoka. Misomali inazuka ngati chinangwa cha pamchenga, munthu sakanamaliza n'komwe kumwa kapu ya madzi. Kuseri kunali mphemvu ndi zisa za mavu. Anatuluka nacho pakhonde n'kuuza odutsa kuti iwo chipani chija sankachifuna chiyambire, ankangopirira. Asiyatu anali m'golosalemo akusesa. Anayang'ana bokosi lija kwa kanthawi, n'kupitiriza kusesa.

Ndibwerere ku tsiku lenilenilo limene zala za Asiyatu zinapindika. Kunali kotentha kwambiri, mvula isanayambe, dzuwa lili paliwombo. Asiyatu anali atangotha msinkhu, mtsikana wamanja abwino amene ankaluka tsitsi la akwatibwi onse a kuno, ndipo banja lina la ku Nkhudzi linali litayamba kale kumufunsira. M'mawa umenewo msodzi wina anabweretsa chambo choti chisungidwe m'firiji, anasiya nkhafi yake pakhomo n'kupita kumsika. Alamu anatsuka nsombazo, anakolopa pansi, ndipo kansanza ka pachogwirira kaja anakachapa chifukwa kananunkha. Pabenchi panakhala anyamata awiri achipani ogulitsa makhadi. Ine ndinabwera kudzagula shuga.

Asiyatu analowa kuchokera kuseri kumene ankatsuka mbale, manja ali chonyowa, kuphazi kulibe kanthu. Mawu a achimwene ndinawamva ndi makutu anga awa.

"Asiyatu, tsegula firiji uwapatse alendo zozizira."

"Ababa, ndikavale kaye patapata."

"Alendo adikire patapata wako? Fulumira."

Sanalire. Dzanja linangofumbata chitsulo chija n'kukana kutseguka, thupi lonse likunjenjemera, mutu utapendekera kumbuyo, mapazi akuguguda pa simenti yonyowa. Kenako fungo linabwera, ngati la mbuzi ikamawauka. Ndinathamangira kuti ndimugwire, mmodzi wa anyamata aja anandikoka nsalu n'kundigwetsa pansi, nanenso ndikanamatirira. Mawaya a firiji anali kumbuyo kwake, itakanikizidwa kukhoma, osafikika popanda kuikhudza.

"Thimitsani!" anakuwa alamu. "Bambo a Asiyatu, thimitsani!"

Achimwene anathamangira kukhoma, anakwera pa thumba la mchere, dzanja linafika pa chithunzi. Atatero anacheuka kuyang'ana anyamata aja. Ndipo chimene sindiiwala kufikira lero n'chakuti mnyamata wachipaniyo, mwini wake wa lamulolo, anali akukuwa.

"Chotsani, bambo! Chotsani chithunzicho!"

Sanachotse. Pambuyo pake anandiuza kuti anaganiza kuti akuwayesa. Anatsitsa dzanja, anatsika pathumba paja, n'kuyamba kukalipira mwanayo.

"Siya! Tasiya chitsekocho, iwe! Ukumva?"

Alamu anatuluka, anatenga nkhafi ya msodzi ija, yomwe mwamwayi inali itauma padzuwa, n'kumenya mkono wa mwana wawo. Koyamba dzanja silinasiye. Kachiwiri tinamva fupa likuthyoka, Asiyatu anagwa chagada pakati pa matumba. Khungu la m'chikhatho mwake linatsala pa chogwirira.

Kuchipatala anapulumutsa moyo wake ndipo fupa linalumikizana, koma zala zinapindikira m'kati ndipo sizinatambasukenso. Abiti Jafali anakhala zaka zawo zotsala akudzifunsa ngati anamenya mopitirira. Ndinawauza kambirimbiri kuti popanda nkhafi ija tikanaika maliro, koma mayi amene wamva fupa la mwana wake likuthyoka m'manja mwake salangizika.

Wosamva amamva nkhwangwa ili m'mutu, amatero. Kwa ife nkhwangwa inagwera mutu wa wina, ndipo wosamvayo anangopukuta magazi n'kupitiriza malonda. Nkhani itamveka a magetsi anabwera kudzafunsa. Achimwene anali atazula kale nsungwi zonse n'kuzibisa. Anawauza kuti firiji ilibe vuto, mwanayo ndiye ankaba, anaitokosa ndi mpeni iwo atatembenuka. Anawapatsa zozizira, anaseka nawo, ndipo chithunzi chija a magetsiwo sanayerekeze kuchikhudza. Madzulo ake pakhonde anthu ankauzana kuti firiji ya Che Amidu ija imalumadi akuba okha, yaluma ndi mwana wa m'nyumba momwe.

Ndinapita nyumba ndi nyumba kunena kuti anamutuma ndi achimwene. Ankandiyankha kuti za m'banja n'zovuta. Anyamata achipani aja anati sakukumbuka bwino, ndipo n'zomveka, ankamwa ulere. Alamu akanatsegula pakamwa akanapatsidwa talaka yothetsa ukwati n'kubwezedwa ku Makanjira, kusiya mwana wodwala. A ku Nkhudzi anatumiza mawu aulemu akuti mnyamata wawo wapita ku Joni. Firiji ija achimwene anangokulunga chogwirira chake ndi mphira, ndipo inagwirabe ntchito zaka zingapo mpaka inafa yokha. Nsungwi zinabwerera m'malo mwake mwezi usanathe.

Tinakangana tsiku lina mpaka ndinawatchula dzina lawo lenileni, chinthu chimene sindinachitepo.

"Amidu, mwana wanu mwamupha dzanja, tsopano mukumupha dzina. Simukuopa Mulungu?"

"Ukanakonda anditsekere? Mukanadya chiyani nonsenu? Dzina silidyedwa, iwe."

Kwathu kuno dzanja lamanja ndi lodyera ndi kupatsira moni, lamanzere ndi la kuchimbudzi. Mwana amaphunzitsidwa zimenezi asanadziwe kuyankhula. Asiyatu atachira anayesa kudya ndi lamanja, chakudya chinkangogwa. Anaphunzira lamanzere. Pa Idi yoyamba chichitikire ngoziyo kunabwera alendo, ndipo azimayi tinakhala pamkeka mbali ina ya khonde, azibambo mbali inayo. Achimwene anamuona akutapa mpunga m'mbale imodzi ndi ife. Anasiya kudya.

"Zonyansa izi pamaso pa alendo ayi. Kadyere kuseri."

Asiyatu ananyamuka n'kupita kuseri. Kuyambira tsiku limenelo ankadyera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale, atayang'ana kumpanda, ndipo sizinkatengera kuti kuli alendo kapena kulibe. Kuluka tsitsi kunatha. Anakwatiwapo kamodzi ndi bambo wina wachikulire, ukwati sunakhalitse, apongozi ankabisa ndiwo akamuona. Anabwerera kwa bambo ake, ndipo mayi ake atamwalira ndi iye anagwira nyumba yonse ndi dzanja limodzi, kuphika, kuchapa makanzu, kusita. Alongo ake anabalalikira m'matauni, amabwera pa maliro pokha.

Matenda a shuga anawatenga achimwene pang'onopang'ono, anayamba ndi maso. Chaka chawo chomaliza ankangogona, ndipo wowasambitsa, wowatembenuza, wowachotsera zonse anali Asiyatu. Ndinkapita kukamuthandiza. Tsiku lina ndinapeza akuwamwetsa phala. Munthu wosaona uja anamva mbali imene supuni ikuchokera, anatseka pakamwa.

"Dzanja liti limeneli?"

"Ndi lomwe ndili nalo, ababa."

"Apatse azakhali ako andimwetse."

Ndinalandira mbaleyo chifukwa Asiyatu anandipatsa. Iye atatuluka ndinawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Achimwene, nthawi yatha. Mwana uyu munamutuma ndinu, ine ndinalipo. Lachisanu anthu akabwera kudzakuonani, nenani pamaso pawo kuti sanabe. Mawu awiri okha."

Anatafuna phala lija nthawi yaitali ngati muli mafupa. Ndinaganiza kuti akulira, chifukwa maso akufawo ankatuluka madzi nthawi zonse.

"Zakale zimenezo, iwe," anatero. "Koma firiji ija inali yabwino. Masiku ano sapanganso zotero."

Lachisanu anthu anabwera, achimwene anawauza nkhani za m'sitima, anthu anaseka. Sanafike Lachisanu linalo.

Lero m'mawa ndinapitako kukathandiza kubweza miphika yobwereka. Alendo onse apita. Golosale inatsekedwa kale, mashelefu ali mbee. Pakhonde mpando wawo wa ndalema uli pomwe unkakhala, nsalu yake italowa pakati potengera thupi lawo, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene ankatsamiritsa mutu. Palibe waukhalira. Ndinaukankhira kumbali, ndinayala mkeka pakati penipeni pa khonde, ndinatenthetsa mpunga wotsala n'kuika mbale imodzi ya tonse awiri.

"Asiyatu, bwera tidye kuno."

"Ndikubwera, azakhali."

Ndinadikira mpaka mpunga unayamba kuzizira. Nditazungulira nyumba ndinamupeza pafupi ndi thandala, mayi waimvi, atakhala pa chidebe chovundikira, atayang'ana kumpanda, akudya msangamsanga m'kambale kake.

"Mwanawe, kulibenso munthu uko. Ukubisalira ndani?"

Anandiyang'ana, n'kubisa dzanja lodyeralo kumbuyo.

"Kumaso chakudya sichitsika, azakhali. Kadyeni, ndamaliza kale."

Ndinabwerera kukhonde. Nkhuku zinali zitakwera pamkeka zikujompha m'mbale muja, ndipo sindinazipirikitse.